Zenera Lopanda Batani

Zenera linatseguka pa sikirini, koma munalibe kanthu. Zainab anayang'ananso pepala la mchimwene wake, chala chikuyenda pa mzere uliwonse, kenako anayang'ana zimene anataipa. Zinali chimodzimodzi. Malinga ndi pepalalo, m'zeneramo munayenera kuoneka kabokosi kolembamo dzina ndi batani lolembedwa kuti "Sunga". Anafufuta zonse n'kuyambiranso. Zenera linabweranso lopanda kanthu.

Anasamukira pa kompyuta ya mtundu wina imene inali pafupi ndi khomo. Kumeneko ndiye zinaipiratu. Zenera silinabwere n'komwe, panangotuluka mawu a Chingerezi odandaula kuti pali mzere umene makinawo sakuumva.

"Zikuyenda?" anafunsa a Sailesi, aphunzitsi a masamu, amene ankasunga makiyi a chipindacho.

"Zikuyenda, aphunzitsi," Zainab anayankha, akuzimitsa kompyuta mofulumira.

Chinali chaka cha 1999, Zainab ali folomu 3 pa sekondale yoyendera ya m'mbali mwa msewu wa ku Dwangwa. Chilowereni dziko m'matipate, mabungwe akunja ankatumiza zinthu m'masukulu, ndipo sukulu yawo inalandira makompyuta akale angapo. Vuto linali lakuti sanali a mtundu umodzi. Ena anali a Windows, ena a Macintosh, ndipo pulogalamu yoyenda pa ena inkakana pa anzake. Ana ankangophunzirapo kutaipa basi.

Amene anasintha zimenezi anali Hamza, mchimwene wake wa Zainab. Iye anaphunzira za makompyuta ku Blantyre, n'kupeza ntchito mu ofesi ya kampani ya shuga ku Dwangwa. Tsiku lina atabwera kudzaona makinawo anauza a Sailesi kuti pali chilankhulo cha makompyuta chotchedwa Tcl, chimene munthu amalemba pulogalamu kamodzi n'kuyenda pa makina a mitundu yonse. Anayamba kulemba buku la maphunziro m'Chichewa, loti mwana wa sukulu azitha kudzipangira yekha pulogalamu ya mazenera ndi mabatani. Mitu yoyambirira anaitaipa yekha ku ofesi, n'kuyesa chitsanzo chilichonse. Ana a kalabu ya makompyuta anaikonda kwambiri. Mnyamata wina wolongolola, Tedson, anapanga batani loti ukalidina pamatuluka mawu akuti "Tedson ndi dolo", ndipo kalasi yonse inkabwera kudzalidina.

Kenako Hamza anayamba kutsokomola. Anaonda mpaka wotchi inkatsetsereka pamkono. Anasiya ntchito n'kubwerera kwa mayi ake ku Ngala, ndipo anthu akamadutsa pakhomopo ankatsitsa mawu. Maso nawo anayamba kuchita chidima. Koma buku sanalisiye. Mitu yotsala ankailemba pamanja, pepala lili pabondo, popanda kompyuta yoyeserapo.

"Iwe ndiwe mkonzi wanga," anauza Zainab. "Uzitaipa chitsanzo chilichonse, uziyesa pa makina a mitundu yonse iwiri. Chikakana, undiuze. Chiganizo chikakuzunguza mutu, undiuze. Usandisiyire kanthu."

Masana amenewo Zainab anapalasa njinga pang'onopang'ono, akukonza mawu oti akanene. Atafika anapeza mayi ake, a Asiyatu, akupeta mpunga kuseri kwa nyumba. Anamukodola asanalowe.

"M'bale wako lero wakana chakudya," ananong'ona. "Ngati uli ndi nkhani yomudetsa nkhawa, uisunge. Wandimva?"

Hamza anali pamkeka pakhonde, atafunda chitenje ngakhale kunali kotentha. Atamva kulira kwa njinga anadzutsa mutu.

"Mkonzi wafika! Mutu wachisanu wayenda bwanji?"

Zainab anayang'ana mbale ya phala imene inali pambali pake, yosakhudzidwa, ntchentche zikuzungulira.

"Wayenda, achimwene."

"Pa makina onse?"

"Onse."

Hamza anawomba m'manja mofooka. "Ukuona? Thupi likukana, koma mutuwu ukadalipo." Anakoka mbale ija n'kuyamba kudya. Anamaliza phala lonse. A Asiyatu, atasuzumira pakona, anakweza manja kumwamba mwakachetechete.

Kuyambira tsiku limenelo Zainab sanathenso kubwerera m'mbuyo. Mutu wachisanu ndi chimodzi unali ndi zolakwika zochuluka kuposa uja. M'malo ena zilembo zinkakwerana, m'malo ena mzere umodzi unalembedwa kawiri. Ankayesa kukonza yekha nthawi yopuma, koma sankadziwa pamene panagona vuto. Ankangotaipa monga zinalembedwera, n'kupereka kwa a Sailesi, amene ankaziika m'kabati kudikira kuti mitu ichuluke. Kunyumba yankho linali lomwelo: wayenda, achimwene.

Anasiyanso kukangana naye. Kale awiriwa ankatsutsana pa chilichonse, kaya ndi mpira, kaya ndi zipani zimene zinkadutsa ndi zimkuzamawu pamsewu chaka chimenecho. Tsopano Hamza akanena kanthu, Zainab ankangoti, "Zoona, achimwene," ndi mawu ofewa ngati a alendo odzazonda matenda, amene ankalowa n'kunena kuti lero mukuoneka bwino, kenako n'kukapukusa mitu kunjira.

Lachitatu lina a Sailesi anamuitana akumwetulira.

"Ndasindikiza mitu yatsopano ija. Mawa kalabu iyamba kuigwiritsa ntchito. Ndipo dzulo ndinadutsa kwanu iwe uli kuchigayo. Achimwene ako avomera kubwera kudzaona okha."

Zainab anayesa kuwaletsa. "Koma aphunzitsi, iwo sakupeza bwino."

"Akuti sabata ino aliko bwino. Zoterezi zimamulimbitsa mtima munthu."

Atafika kunyumba anapeza mayi ake akusita malaya oyera a Hamza, aja ankavala ku ofesi. Hamza anali atameta ndevu. Ankayeserera zimene akanene kwa ana, akuseka yekha. Zainab anaima pakhomo n'kumuyang'ana. Anapita kukatunga madzi.

M'mawa mwake anamukweza pakaliyala ya njinga. Anali wopepuka moti Zainab ankacheuka pafupipafupi kuona ngati akadalipo. Hamza anadikira mu ofesi ya aphunzitsi mpaka maphunziro atatha, kenako a Sailesi anamukhazika pampando kumbuyo kwa chipinda cha makompyuta, pafupi ndi kabati. Ana analowa mothamanga, akulimbirana malo, ndipo ambiri sanamuone.

Anayamba kutaipa. Kwa kanthawi munkangomveka kugogoda kwa zala. Kenako mtsikana wina anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, zenera langa mulibe kanthu."

"Langanso!"

"Kuno ndiye yakaniratu."

A Sailesi anayenda kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina, akuyerekeza mapepala ndi masikirini. Anatsegula mutu wotsatira, nawonso unakana. Anacheukira Zainab, amene maso ake anali pansi.

Tedson anaponya pepala patebulo. "Aaa, tikungotaya nthawi apa. Mitu yoyamba ija inali bwino. Iyi ndi ya munthu woti mutu unasokonekera kale. Matenda ajatu amadya ndi ubongo womwe."

Wina anamugwira mkono n'kumulozera kumbuyo. Tedson atacheuka, nkhope yake inagwa.

Hamza anaimirira atagwira kabati. Malaya oyera aja ankalendewera pamapewa.

"Iwe mnyamata," anatero ndi mawu otsika, "maso angawa sakuona bwino. Tandiwerengera zimene wataipazo. Mzere uliwonse, usadumphe ngakhale kadontho."

Tedson anawerenga. Hamza anamvetsera atatsinzina. Atafika kumapeto anagwedeza mutu.

"Wataipa bwino. Wolakwa ndi ine. Ndapanga batani, koma sindinaliuze pokhala. Pakusowa mzere umodzi." Anatchula mzerewo, Tedson anataipa, ndipo kabokosi ndi batani zinatulukira m'zenera. Panalibe amene anawomba m'manja.

"Aphunzitsi, tolerani mapepalawa," anatero Hamza. "Sanakonzeke. Pepani, ana inu."

Pobwerera Zainab sanakwere njinga. Ankangoikankha, mchimwene wake ali pakaliyala. Anadutsa minda ya nzimbe. Atafika pa mtengo wa mango wa m'mbali mwa dambo la mpunga, Hamza anati aime. Anatsika n'kukhala pamuzu, akupuma movutikira.

"Unayamba liti kundinamiza?"

"Mutu wachisanu."

"Chifukwa?"

"Tsiku limene lija munadya phala lonse, achimwene." Misozi inayamba kutsika. "Ndinaopa kuti ndikakuuzani musiyanso kudya."

Hamza anayang'ana azimayi amene ankapirikitsa mbalame m'munda.

"Mnyamata uja sanandipweteke kwenikweni," anatero. "Wanena zimene waona. Ukudziwa, Zainab, aliyense wobwera pakhomo paja amandiuza kuti ndikuoneka bwino. Ndimadziwa kuti akunama, ndipo sindiwakwiyira. Koma ndinkati pali munthu mmodzi amene akundionabe ngati munthu wogwira ntchito. Ndikamalemba ndinkati, apa ndikalakwitsa, mlongo wanga andigwira. Osadziwa kuti nawenso unanditsanzika kale."

"Sindinakutsanzikeni!"

"Nanga unasiyiranji kunditsutsa? Ndikadali moyo ine. Ndikhoza kulakwitsa, ndikhozanso kukonza. Koma sindingakonze chimene sindikuchidziwa."

Zainab anakhala pansi pafumbi, analira mpaka mpango wake unanyowa. Hamza sanamutonthoze. Anangodikira. Atatha, Zainab anapukuta m'maso n'kutulutsa mapepala m'chikwama.

"Si batani lokha," anatero, mawu akadali osasa. "Tsamba lachiwiri lonse silikumveka. Ndaliwerenga kambirimbiri, sindikutolapo kanthu."

Hamza anakweza nsidze. "Lonse?"

"Lonse."

"Tiye kunyumba. Ukandiwerengere."

Ntchito yeniyeni inayamba tsiku limenelo. Zainab akaweruka ankayesa zitsanzo pa makina onse awiri, n'kukopera pa pepala madandaulo alionse amene kompyuta yatulutsa. Akafika kunyumba ankakhala pamkeka n'kuwerenga mokweza mzere ndi mzere, Hamza atatsinzina. Nthawi zina ankapeza vuto msanga. Nthawi zina ankalephera, ankakwiya, n'kutembenukira kukhoma, ndipo tsiku limenelo chakudya chinkabwerera. Zainab mtima unkamuwawa, koma m'mawa mwake ankabweranso ndi pepala lomwelo.

Mkangano waukulu unali pa mutu wa kusunga mafayilo. Makina a Windows ndi a Macintosh ankalemba mosiyana njira yopita pamene fayilo ili, ena ndi kamzere kopendekeka, ena ndi timadontho tiwiri. Hamza anafotokoza zimenezi m'masamba atatu, ndi chitsanzo cha matani a nzimbe olowa m'fakitale.

"Palibe mwana amene afike kumapeto kwa zimenezi," anatero Zainab. "Inenso ndinagona."

"Unagona chifukwa ndiwe waulesi. Munthu ayenera kumvetsa chiyambi chake."

"Chiyambi chake ndi ndime imodzi. Muwauze kuti makinawa amalemba mosiyana, kenako muwapatse lamulo lija loti kompyuta izisankha yokha kalembedwe kake. Basi. Ndipo za matani a nzimbezo zichoke. Ndani wa folomu 2 amene anaonapo sikelo ya kufakitale? Tiikepo mayina a osewera netiboli."

"Netiboli! M'buku langa?"

"Buku lanu, koma owerenga ndife!"

A Asiyatu anabwera akuthamanga kuchokera kukhitchini, chipande chili m'manja. "Zainab! Ukumukalipira wodwala? Ulibe chisoni iwe?"

Anapeza Hamza akuseka mpaka chifuwa chinamugwira. Atapezako mpweya anakweza dzanja.

"Musiyeni, amayi. Akugwira ntchito yake. Lemba netiboliyo, iwe. Koma ndime ziwiri, osati imodzi."

A Asiyatu anaima kanthawi akuwayang'ana. Chibwerereni kuchokera ku Dwangwa, mwana wawo anali asanasekepo choncho. Kenako anabwerera kukhitchini.

Mitu itatu inakonzedwa motero, n'kubwerera ku kalabu. Zitsanzo zonse zinayenda. Tedson anatumiza uthenga wopepesa kudzera mwa Zainab, ndipo Hamza anayankha kuti akamuuze mnyamatayo apitirize kulankhula zimene waona, koma azicheuka kaye.

Mwezi wa Juni mphepo ya mwera inayamba kuwomba, asodzi n'kumakhala masiku osalowa m'madzi. Chifuwa cha Hamza chinakula. Anamutengera kuchipatala, anagonako, kenako anamubweza ndi mankhwala ochepetsa ululu. Sanathenso kutuluka pakhonde. Pensulo inkagwa m'manja mwake. Unatsala mutu umodzi wokha, wofotokoza mmene munthu angaikire pulogalamu yake pa diski n'kukaitsegula pa kompyuta ina iliyonse.

Loweruka lina m'mawa Zainab analowa m'chipinda ndi tiyi. Amalume awo anali atangotuluka kumene, atamuuza Hamza kuti Mulungu akalola mwezi wamawa adzakhala akuyenda. Hamza anadikira mpaka mapazi awo atasiya kumveka.

"Mkonzi."

"Achimwene."

"Ndikufunse kanthu. Bukuli ndilimaliza?"

Zainab anaika kapu pansi. Anayang'ana manja a mchimwene wake, milomo yake youma, ndi m'mene chifuwa chinkakwerera movutikira. Yankho lofewa linali pafupi, lokonzeka kale, ndipo akanalinena palibe akanamudzudzula. Anagwada pambali pa mphasa n'kumugwira dzanja.

"Sindikuganiza choncho, achimwene."

Hamza anatsinzina. Msozi umodzi unatsikira kukhutu.

"Inenso ndimaona choncho," anatero. "Zikomo." Anapuma kangapo. "Ndili ndi mantha, Zainab. Ndinalibe woti ndimuuze. Aliyense akufuna ndizinena kuti ndichira."

"Ndiuzeni ineyo."

Anamuuza. Analankhula za mayi awo, za amene adzawathandize kukolola mpunga, za mayeso a Zainab a chaka chamawa amene iye sadzaona zotsatira zake. Zainab sanamudule mawu, sanamuuze kuti asatero. Anangomvetsera, dzanja lili m'dzanja. Atatha, nkhope ya Hamza inaoneka yopepukidwa.

"Tsopano tenga pensulo. Ndikuuza mafupa a mutu womalizawo. Minofu udzaikamo wekha."

Anatchula pang'onopang'ono, akuima pakati pa mawu, ndipo Zainab analemba mpaka dzuwa linafika pamutu. Chitsanzo chomaliza anachitchula mzere ndi mzere, kenako anagona tulo.

Hamza anamwalira Lachinayi lotsatira, m'mawa, mayi ake ndi mlongo wake ali pambali pake. Anamuika tsiku lomwelo. Amuna ananyamula maliro pa jeneza kupita kumanda, a Sailesi ndi anyamata a kalabu ali m'gulumo, ndipo Zainab anatsala pakhomo ndi azimayi ena, akumvetsera mapemphero akutalikira.

Atabwerera kusukulu, a Sailesi anamuuza kuti za buku zikhoza kudikira. Zainab anapempha makiyi. Analowa m'chipinda cha makompyuta yekha, anayatsa makina onse awiri, n'kutambasula pepala lija analemba Loweruka. Anataipa mosamala chitsanzo chomaliza cha mchimwene wake. Pa kompyuta yoyamba chinayenda. Anakopera pa diski, n'kupita nayo pa yachiwiri.

Chinakana.

Anawerenga madandaulo a makinawo, n'kubwerera pa pepala. Anayenda ndi chala mzere ndi mzere mpaka anapapeza. Pafupi ndi kumapeto, Hamza anatchula dzina la fayilo m'kalembedwe ka makina amodzi okha, chinthu chimene buku lake lomwe linkaletsa.

"Achimwene, apa mwalakwitsa," anatero mokweza.

M'chipindamo munalibe woyankha. Panja ana ankasewera mpira, mphepo ikukankha chitseko. Zainab anagwetsa mutu patebulo n'kulira kwa nthawi yaitali. Kenako anadzuka, anapukuta m'maso ndi mpango, anakhwatcha mzerewo n'kulemba wolondola pamwamba pake. Anakokera mpando pafupi, nayamba kulemba ndime yoyamba ya mutu womaliza m'mawu akeake.